Funsani Azakhali: Nzeru zachibadwa tizidalire pati, nanga zimatisocheretsa pati?

Moni nonse owerenga. Mwezi uno makalata ndi mameseji abwera ambiri moti sinditha kuyankha onse, ena mudikire kaye mwezi wamawa. Ndasankha awa chifukwa olo nkhani zake zikusiyana, wina za foni wina za mwana wina za chimanga, pansi pake onse akufunsa chimodzi, kuti zinthu zikafika pothina munthu adalire mutu wake kapena amvere ena. Mayina ndachotsa ngati nthawi zonse.

Azakhali, ine mutu waima. Amuna anga ndi ophunzira, ali ndi digiri ndipo amagwira ntchito ya mu ofesi koma sabata yatha atumiza K180,000 kwa munthu osamudziwa. Anawaimbira foni akuti ndi aphunzitsi a kusukulu yogonera konko komwe kuli mwana wathu, akuti mwana wagwa wakomoka ali kuchipatala pakufunika ndalama pompopompo, iwo osandiimbira ine olo kuimbira ahedi, basi liwiro kwa ejenti. Madzulo tikuimba kusukulu mwana ali bwinobwino wangochoka kodya nsima. Ndalamazo zinali za lenti. Ineyo sukulu ndinalekeza fomu 2 koma sindikanapusitsidwa chonchi. Kodi sukulu imachotsa komoni sensi? Mpaka pano sindikuwayankhula bwino.
*Mayi wokhumudwa, Area 25, Lilongwe*

Mayi pepani kwambiri, K180,000 si ndalama yochepa ndipo landilodi samva zoti munaberedwa. Koma choyamba tithokoze kuti mwana ali bwino.

Sukulu siinawachotse nzeru bambowo ayi. Chomwe chinawachotsa nzeru kwa mphindi zimenezo ndi mantha, ndipo akubawa amadziwa bwino lomwe kuti kholo likamva kuti mwana wakomoka mutu umasiya kugwira, zilibe kanthu kuti ndi wa digiri kapena wa sitandade 4. Taonani njira zawo zonse mmene zimakhalira. Pali ija ya "ndalama ija mutumize pa nambala iyi, inayo yavuta" yomwe amangomwaza kwa anthu ambirimbiri podziwa kuti pagulupo sipalephera wina amene analidi pafupi kutumizira m'bale wake ndalama. Pali ija yoti mwawina mphoto pa mpikisano omwe simunalowe nkomwe koma muyambe mwatumiza kangachepe ka "pulosesing'i". Pali ija yoti takutumizirani ndalama molakwitsa chonde bwezani, chonsecho meseji yake yachokera pa nambala wamba ndipo mukaona balansi palibe chalowa. Pali ena amanamizira kuti ndi a kampani ya foni akufuna pini yanu kuti akonze akaunti. Zonsezi zili ndi chinthu chimodzi chofanana, changu. Pompano, musadule foni, musauze munthu, mukachedwa zivuta. Amakuthamangitsani dala chifukwa akudziwa kuti mukangokhala pansi mphindi zisanu nzeru zanu zibwerera ndipo mufunsa mafunso omwe iwo alibe mayankho ake.

Mafunso ake ndi osavuta nkomwe. Chipatala chake chiti? Ngati ndi cha boma, ndi liti chipatala cha boma chinayamba kudikira ndalama ya pa Airtel Money kapena Mpamba kuti chithandize mwana okomoka? Nanga bwanji akuimba ndi nambala yachilendo pomwe ya ahedi ndi ya matironi tili nazo? Dzina lomwe likutuluka potumiza ndi la ndani? Bambowo mafunso amenewa amawadziwa, lero mutawafunsa atha kukuyalirani onse, kungoti sanapatsidwe mpata owaganiza.

Nde inu mukuti simukanapusitsidwa. Mwina ndi zoona. Koma ndikupempheni musatsimikize kwambiri, chifukwa amene amadziona kuti ine sangandibere ndi amene sakhala ndi lamulo lodzitetezera. Chofunika pakhomo panu ndi pangano lomwe mupange lero mitima ili m'malo, loti munthu akaimba ndi nkhani yoopsa yofuna ndalama, timadula foni kaye nkuimba tokha pa nambala yomwe tili nayo kale, ndipo ndalama yopitilira mwakuti siituluka tisanauzane awirife. Pangano lotere limagwira ntchito nthawi imene mutu wasokonekera, chifukwa simufunikanso kuganiza, mumangotsatira zomwe munagwirizana. Muwauzenso ana ndi wantchito ngati muli naye, komanso agogo kumudzi poti iwonso amaimbiridwa.

China, tayang'anani zomwe mumaika pa Facebook. Chithunzi cha mwana atavala yunifolomu, dzina lake, dzina la sukulu, tsiku lomwe mwakamusiya, zonsezo ndi zida za wakuba. Nthawi zina amangoponya mwamwayi, koma nthawi zina amakhala awerenga tsamba lanu lomwe.

Kanenani kupolisi komanso ku kampani ya foniyo, mupite ndi nambala ija ndi meseji yotsimikiza kuti ndalama inapita. Kuyambira 2018 ma SIM amalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, komabe akubawa amagwiritsa ntchito ziphaso za eni ake osadziwa, ndipo apolisi akhala akunena kuti ena mwa mameseji amenewa amachokera m'ndende momwe. Sindikulonjezani kuti ndalama ibwerera, kawirikawiri amaitapa msangamsanga, koma nambalayo ikatsekedwa mwapulumutsa kholo lina.

Ndipo bambowo ayankhuleni mayi. Manyazi omwe ali nawo ndi okwana kale. Anthu ambiri oberedwa chonchi amabisa chifukwa choopa kusekedwa, nde akubawo amapitiliza mosavuta. Iwo anathamanga chifukwa amamukonda mwana wanuyo.

Azakhali ndithandizeni maganizo. Pali gulupu ya WhatsApp yomwe mnzanga wandilowetsa, umaika K50,000 pakatha masiku 10 umalandira K150,000 bola ubweretse anthu atatu. Poyamba ndimakaika koma mnzangayo walandiradi ndaona ndi maso anga meseji yake, wagula mpaka firiji. Ndili ndi K100,000 ya mpamba wa geni yanga ya kaunjika ndipo ndikuganiza zoika yonse. Mkazi wanga akukana akuti ndi zakuba koma iye sadziwa za bizinezi za pa intaneti. Nanga umboni ndauona ndekha, nzeru sizikundiuza kuti ndilowe?
*Wageni, Ndirande*

Achimwene, mkazi wanuyo mumumvere, ndipo mpamba wa kaunjikawo usachoke m'thumba.

Inu ndi munthu wa geni nde ndikufunsani funso la geni. Mukagula belo mumadziwa komwe phindu lichokere, mumasankha zovala zabwino nkugulitsa mokwera, zotsalazo mumatsitsa, pamapeto mumaona ngati belo yabweza. Nanga gulupu imeneyi ikugulitsa chani? K100,000 yapamwambayo ikuchokera kuti m'masiku 10? Olo ku banki m'khonde komwe chiwongola dzanja chimakhala chowawa, ndalama siichulukana katatu pa sabata imodzi ndi theka, ndipo kumeneko mumadziwa kuti yapamwamba ikuchokera kwa anzanu omwe akongola ndipo mumawaona nkhope sabata iliyonse. Kuno yankho lili m'kalata mwanu momwe, "bola ubweretse anthu atatu". Atatuwo akaika ma K50,000 awo ndi K150,000 yomwe mwalonjezedwa ija. Palibe bizinezi, ndalama ikungochoka m'thumba la obwera mochedwa kupita kwa amene anayambilira.

Tsono tiwerenge limodzi. Munthu mmodzi afuna atatu, atatuwo afuna 9, awo afuna 27, kenako 81. Pofika ulendo wa 10 pakufunika anthu atsopano 59,049. Ulendo wa 15 ndi anthu opitilira 14 miliyoni, wa 16 ndi 43 miliyoni, pomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tinalimo pafupifupi 17.5 miliyoni kuphatikizapo makanda. Ndiye kuti chinthuchi chiyenera kugwa basi, sikuti mwina, ndipo chimagwa chisanafike nkomwe kumeneko chifukwa anthu a ku Ndirande okhala ndi K50,000 yapadera ndi owerengeka. Tsiku lina mudzadzuka adimini watseka gulupu, nambala yake siikupezeka.

Firiji ya mnzanuyo ndi yeniyeni, sindikutsutsa. Oyambilira amalipidwadi ndipo amalipidwa dala kuti akhale chikwangwani chokopera ena. Maso anu sanakunamizeni, kungoti aona mbali imodzi, aona olandira mmodzi koma sanaone anthu atatu omwe alipira firijiyo. Apa mpomwe ambiri timagwera, timati ndaona ndekha, osafunsa kuti nanga zomwe sindinaonetsedwe ndi ziti.

Ndipo taganizirani anthu atatu omwe mungawabweretsewo. Adzakhala mlamu wanu, mnzanu wa kutchalitchi, mwina kasitomala wanu wokhulupirika. Chikagwa sadzakasaka adimini osamudziwa, adzabwera pa benchi panu. Ngati mukufuna kutsimikiza, afunseni a gulupuwo chiphaso chochokera ku Reserve Bank of Malawi chowaloleza kusonkhanitsa ndalama za anthu, muone ngati simuchotsedwa mu gulupu tsiku lomwelo.

Azakhali, mwana wanga wa miyezi 9 anatsegula m'mimba kwambiri. Apongozi anga omwe tikukhala nawo anandiletsa kumupatsa madzi ndipo amati ndichepetsenso kuyamwitsa, akuti ndi nzeru wamba kuti ukathira madzi pamwamba pansi patulukanso madzi, m'mimba muyenera kuuma kaye. Liwombo litalowa anati ndi matenda a liwombo tikapeze mankhwala omata pamutu. Ine ndinathawira naye kuchipatala usiku, anamuika diripu ndipo pano ali bwino. Koma pakhomo pavuta, akuti ndine wamwano, iwo analera ana 8. Amuna anga angokhala chete. Ndinalakwitsa?
*Mayi wachitsikana, Balaka*

Mwanangu sunalakwitse olo pang'ono, unapulumutsa moyo wa mwana wako. Ndikufuna uyambe wamva zimenezo bwinobwino.

Kalata yako ndaikonda chifukwa ikuonetsa malo omwe nzeru zachibadwa zimatisocheretsa. Zomwe ananena apongozi akozo zimamveka zanzeru ndithu, madzi akutuluka nde tisathiremo ena. Munthu oganiza atha kufika pamenepo, si uchitsiru ayi. Vuto ndi loti zomwe zikuchitika m'thupi la mwana sitiziona ndi maso. Chimene chimapha mwana otsegula m'mimba ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi, ndipo khanda la miyezi 9 thupi lake ndi laling'ono, madzi amatha msanga kwambiri. Liwombo kulowa, maso kulowa m'kati, kulira opanda misozi, kukodza pang'ono, khungu ukalitsina osabwerera msanga, kufooka mpaka kulephera kuyamwa, zonsezi zikunena chinthu chimodzi, madzi atha. Liwombo lolowa silifuna chomata pamutu, limabwerera lokha mwana akalandira madzi, ndipo ndikhulupilira unaona wekha diripu itayenda.

Tsiku lina zikadzachitikanso, yamba msanga. Paketi ya Thanzi ORS usungunule mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kulorini, lita ndi mabotolo awiri a 500ml aja, uzimumwetsa pang'onopang'ono ndi supuni makamaka akangochita chimbudzi, akasanza udikire mphindi 10 nkuyambiranso. Ngati Thanzi palibe ndipo kuchipatala ndi kutali, mu lita imodziyo uthire masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere, osapyola apo chifukwa mchere wambiri ndi oopsanso. Bere lisasiyidwe, ayamwe kuposa kale. Kuchipatala amaperekanso zinki wa masiku 10 mpaka 14, ameneyo amalize olo atachira. Paketi ziwiri za Thanzi zizikhala m'nyumba nthawi zonse makamaka dzinja likamayandikira.

Tisaiwale kolera ija inayamba ku Machinga mu Malichi 2022 nkufalikira dziko lonse mpaka 2023, inatenga anthu opitilira 1,700, mpaka sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Ambiri mwa omwalirawo anafika kuchipatala mochedwa madzi atatha kale m'thupi.

Ndi chimodzimodzi ndi LA wa malungo. Munthu amamwa tsiku loyamba ndi lachiwiri, thupi lapepuka, nzeru nkumuuza kuti ndachira otsalawa ndisungire tsiku lina. Koma tizilombo timakhala tisanathe m'magazi, mankhwalawo ndi a masiku atatu kawiri pa tsiku ndipo amayenera kutha onse. Pa nkhani za ndalama, za khalidwe la anthu, za malonjezo okoma mopyola muyeso, mutu wako ukhulupilire chifukwa zimenezo umaziona tsiku ndi tsiku ndipo ukalakwitsa umaona zotsatira nkuphunzira. Koma pa zinthu zomwe gwero lake silioneka ndi maso, tizilombo, magazi, mankhwala, nzeru yeniyeni ndi kufunsa omwe amayeza. Paja safunsa anadya phula.

Tsono za apongozi. Usawachititse manyazi ndipo usawauze kuti ndi osadziwa, analeradi ana 8 ndipo pali zambiri zomwe akudziwa zomwe iwe sunazione. Ukamapita kusikelo uwapemphe akuperekeze, nkhaniyi aimve kuchokera kwa anamwino kapena alangizi a zaumoyo, kwa iwo zimalowa mosavuta kusiyana ndi kumva kwa mtengwa. Kapena muimbire limodzi Chipatala Cha Pa Foni amve okha. Amuna akowo uwauze mwaulemu koma mosabisa kuti pa nkhani ya moyo wa mwana kukhala chete sikuthandiza, ndi mayi awo, ndi iwo oyenera kukhala nawo pansi.

Azakhali, ine ndimayendetsa kabaza ya njinga yamoto. Nthawi ya mvula kamlatho ka kwathu kamamira, makasitomala amandikakamiza kuti tiwoloke akuti ena awoloka kale, ndikakana amakwera ina ndipo anzanga amanditcha wamantha. Nditani poti ndalama ndikuifuna?
*Wakabaza, Chikwawa*

Achimwene pitilizani kukana. Apa mutu wanu ukukuuzani zoona ndipo musalole phokoso la anzanu likusokonezeni. Madzi othamanga olo asanafike m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu, nanji njinga yonyamula anthu awiri ndi katundu, komanso madzi akaphimba mlatho simuona ngati mbali ina yakokoloka. Zoti wina wawoloka mphindi 10 zapitazo sizikutanthauza kanthu, inu a ku Chikwawa mukudziwa kuposa ine kuti madzi amabwera kuchokera kumtunda olo kwanuko kusanagwe dontho, mtsinje wa Mwanza umadzaza dzuwa likuwala. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anatiphunzitsa mowawa, omwalira ndi osowa pamodzi anaposa 1,000 ndipo ena anakokoloka poyesa kuwoloka. Kasitomala okwiya mawa adzakweranso. Muzimvera za nyengo pa wailesi, tsiku lomwe achenjeza mugwire ntchito mbali ya kuno kwa mtsinje basi, ndipo muwauziretu okwera asanakwere kuti ine ndikafika pamlatho madzi akakhala pamwamba ndibwerera.

Azakhali ndili ndi mantha. Mwezi watha mphenzi inapha mnyamata m'mudzi mwathu ali kudambo ndi ng'ombe. Pano mudzi onse ukuloza agogo ena omwe amakhala okha, akuti anakangana ndi bambo a mnyamatayo za malire a munda sabata yomweyo. Aliyense akuti ndi zodziwikiratu, mkangano Lolemba mphenzi Lachisanu, ufunanso umboni wanji. Agogowo ndi achibale a mayi anga. Ineyo mumtima sindikukhulupilira koma anthu onsewa angalakwitse? Achinyamata ayamba kukambirana zoti akawaotchere nyumba.
*Mtsikana wodandaula, Ntcheu*

Mwanangu, iyi ndi nkhani ya moyo ndi imfa nde ndiyamba ndi zoti uchite, zofotokoza zibwera pambuyo. Lero lomwe uwauze mayi ako ndi malume ako, mupite kwa amfumu komanso kupolisi kapena kwa a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, munene zomwe achinyamatawo akukambirana. Agogowo asagone okha, ngati nkotheka apite kaye kwa achibale kutali mpaka mitima izizire. Osadikira kuti tione mmene zithere.

Ukufunsa ngati anthu onsewa angalakwitse. Eya angalakwitse, ndipo zinachitikapo. Mu Januwale 2016 ku Neno mphenzi inapha mtsikana wa zaka 17, anthu anagwira agogo anayi nkuwapha tsiku limodzi, achibale awo omwe. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayamba ku Mulanje nkufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu, mmodzi mwa iwo anali odwala khunyu amene amangodziyendera. Nthawi imeneyo aliyense amanenanso kuti ndi zodziwikiratu. Zomwe anthu ambiri akunena ndi nzeru zachibadwa ndi zinthu ziwiri zosiyana, mudzi ukakhala pa chisoni ndi mkwiyo anthu 200 amatha kungobwereza mawu a munthu mmodzi amene anayamba kuloza chala, aliyense nkumaganiza kuti poti anzanga onse akutero ndiye kuti alipo amene ali ndi umboni, chonsecho palibe.

Tagwiritsa ntchito mutu wako omwe ukukaikawo. M'mudzi mwanu ndi anthu angati anakangana sabata imeneyo, za malire, za ngongole, za mbuzi yolowa m'munda? Ambiri. Mphenzi ikanagwera wina aliyense pakanapezeka munthu amene anakangana naye posachedwa, chifukwa kumudzi mikangano siitha. Nanga bwanji olozedwa nthawi zonse amakhala nkhalamba yosauka yokhala yokha yopanda ana aamuna oiteteza, osati munthu wamphamvu wa ndalama? Ndipo pa nkhaniyi pali munda, tadzifunsa kuti agogowo akathamangitsidwa mundawo utsala m'manja mwa ndani.

Mnyamatayo anali kudambo, pamalo oyera, mvula ya mabingu ikugwa. Mphenzi imagwera chinthu chomwe chatalika kuposa zinzake pamalopo, mtengo oima okha, munthu oimilira pabwalo kapena padambo, ndi chifukwa chake abusa a ng'ombe, alimi, asodzi ndi osewera mpira ndi omwe amavulala kawirikawiri dzinja lililonse. Imfa yake ndi yowawa kwambiri ndipo makolo ake akufuna yankho, ndikuwamvetsa, koma kuotcha nyumba ya agogo sikumudzutsa, kungoonjeza maliro ena ndi achinyamata okagwira ndende moyo wawo onse. Uwakumbutse amfumu kuti lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Abusa a mpingo kapena ashehe akwanuko uwapemphenso alankhule ndi banja loferedwalo, nthawi zambiri mawu awo amamveka pomwe a mtsikana ngati iwe sangamveke. Undilemberenso undiuze mmene zathera.

Azakhali chaka chino Mulungu watidalitsa tapeza matumba 25 a chimanga. Mavenda afika kale ndi masikelo awo, bambo akunyumba akufuna tigulitse 20 tigule malata ndi foni yatsopano akuti chikatha tizidzagula. Pakhomo tilipo 7 ndipo thumba limodzi limatha masabata atatu. Ine ndikuona ngati tikulakwitsa koma sinditha kuwafotokozera.
*Mlimi, Mchinji*

Mayi, yankho mwalemba nokha, changotsala ndi kuwerengera. Chaka chili ndi masabata 52, thumba likamatha masabata atatu ndiye kuti mukufunika matumba 17 kapena 18 kuti mufike kokolola kwina, osawerengera maliro, alendo, aganyu olipidwa ndi chimanga ndi achibale omwe adzabwere kudzapempha mu Febuluwale. Mukagulitsa 20 mutsala ndi 5, amenewo ndi masabata 15, ndiye kuti pofika Seputembala kapena Okutobala mwayamba kugula, ndipo nthawi ya njala yeniyeni isanafike nkomwe. Tengani pepala muwalembere bambowo manambala amenewa, musakangane nawo, mungowapempha kuti awerenge okha.

Zoti "tizidzagula" inu mukudziwa mmene zimakhalira. Chaka ndi chaka mtengo umakhala pansi nthawi yokolola pomwe aliyense akugulitsa, nkudzakwera kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo amene adzakugulitseni pa mtengo okwerawo ndi venda yemweyo wabwera ndi sikelo lero. Ndalama nayo siidikira munthu, mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene anasunga ndalama anaona ikuchepa mphamvu pomwe amene anasunga chimanga anali nacho chomwecho. Komanso mvula ya chaka chamawa palibe akuidziwa, mu Malichi 2024 boma linalengeza za ngozi ya njala m'maboma 23 mwa 28 chifukwa cha ng'amba ya El Niño.

Malata ndi chinthu chabwino, pamenepo bambowo sakulakwa, denga lodontha limaononganso chimanga chomwecho. Nde gulitsani matumba 5 kapena 6 basi, ndipo ngati mungathe dikirani miyezi ingapo mtengo ukwereko, mugule malata ochepa chaka chino ena chaka chamawa, foni idikire fodya kapena soya. Pogulitsa sikelo ya venda muyambe mwaiyesa ndi paketi ya shuga ya 1kg yosatsegula, kapena mugwirizane ndi anzanu mugulitse pamodzi pa sikelo yomwe mukuikhulupilira. Chotsalacho chiume bwinobwino, muthire mankhwala monga Actellic motsatira muyezo olembedwa kapena musunge m'matumba a PICS aja osalowa mpweya, muwasanjike pa mitengo osati pansi penipeni kapena kutsamira khoma, ndipo mwezi uliwonse muziona ngati anankafumbwe sanalowe. Matumba a chakudya muwaike chizindikiro chapadera ndipo mugwirizane awirinu kuti amenewo sagulitsidwa olo kutabwera venda wa mtengo otani.